Mphika wa Pamanda

Lachiwiri, 11 Junho 1985, Ulongwe

Chisanu. Madzi osamba m'mamawa mpaka zala kuuma. Chifuwa cha a Bambo sichikusintha.

Ku tribunale, bwalo la milandu, andipatsa mlandu watsopano woti ndikaimirire. Mayi wamasiye, a Berta, a ku aldeya ya Kamphande, mudzi watsopano wa boma, njira ya ku Domwe. Zaka mwina makumi asanu. Mlandu wake: kudyetsa amatsanga, zigawenga za kutchire. Amilisiya, alonda a boma a mfuti, anawaona akulowa m'nkhalango ya kumudzi wakale, dengu pamutu, mphika ndi mbale zikuonekera. Potuluka, dengu lopanda kanthu. Umboni wonse ndi umenewo. Mizere isanu ndi iwiri papepala, Chipwitikizi chake chopunduka miyendo yonse.

Akapezeka olakwa kuno, awatumiza ku Tete, ku bwalo la asilikali. Sindinamvepo za munthu wa mlandu wotere amene anabwerako.

Sekretariyu, mlembi wa bwalo, pondipatsa pepala: "Wanu uwu, adotora." Amatero dala. Akudziwa kuti ku Maputo ndinakhalako zaka zitatu zokha, sukulu ya malamulo n'kutsekedwa ndisanamalize. Dotora wopanda pepala. Defensora, woimira anthu amene aweruzidwa kale asanakhale pansi. Iye mwini anathera kalasi yachinayi, koma mpando wake uli ndi mtsamiro.

Lachinayi, 13 Junho

Ndawaona a Berta ku kwartele, kumsasa wa asilikali. Awatsekera m'chipinda chimene Apwitikizi ankasungamo mbatatesi. Fungo likadalimo. Mapazi otupa. Msana anakana kundionetsa, koma nsalu yamatirira pa zilonda.

Nkhani yawo ndi iyi. Amuna awo, a Damiano, anamwalira mu Abril. Anakawaika kumanda a kumudzi wakale, kumene boma linachotsako anthu. Ali mkati mokwirira, mfuti zinayamba kulira kuphiri. Adzukulu anamaliza mothamanga, aliyense n'kubalalika. Ziwiya za malemu zinatsala kunyumba, palibe anaziika pamtumbira.

"Amabwera kutulo, mwananga. Sanena kanthu. Amangoima, manja atatambasula, opanda kanthu."

Anapempha amuna atatu kuti awaperekeze, onse anaopa. Ndiye anatenga mphika, mbale ndi chikho cha a Damiano, kuziboola ndi msomali, kukaziika okha.

Ndinafunsa kawiri ngati anaboola ndithu. Anandiyang'ana ngati mwana wofunsa ngati moto umaotcha. "Nanga n'kusiya zosaboola? Munakulira kuti inu?"

Ndinakulira kuti. Ku misau, mishoni ya ansembe, m'nyumba ya mphunzitsi, kumene mbale ya munthu wakufa imatsukidwa n'kubwezedwa m'kabati.

Komabe ndinaona poyambira. Mphika woboola suphikira munthu, ngakhale mtsanga. Zaka ziwiri ndikuimirira m'chipinda chija kupempha chifundo ngati wopempha mchere. Kano n'koyamba kukhala ndi umboni.

Loweruka, 15 Junho

Kwa a Basilio, oweruza athu. Katekista wakale. Amayi awo omwe ali ndi chikho choboola pamanda, ndikudziwa.

"Mwambowo ndikuudziwa, mwana wa a Custódio. Koma mwambo suoneka papepala. Komandante ndi wa kumwera, Chinyanja samva. Amafuna choona ndi maso." Akunena izi maso ali pa zikhadabo zawo. Munthu wabwino. Ubwino wake ndi wa nkhuku yonyowa.

Kuchokera apo kwa Cassimiro, komandanteyo, kukapempha giya, kalata ya chilolezo choyendera, kuti ndikaone mandawo. Anandiimika pakhonde mpaka mthunzi utasuntha. Nsapato zake zopukutidwa, m'tawuni yopanda sopo.

"Kamarada defensora, kumene kuja kulibe manda. Kuli adani."

Giya yakanidwa. Mlandu Lachitatu.

Nyemba zopanda mchere tsiku lachinayi. Fita ya makina olembera yatha inki, ndikuibwereza chammbuyo.

Lolemba, 17 Junho

Ndapita. Popanda giya.

Njinga ya a Bambo mpaka ku Kamphande, kenako wapansi. Pa aldeya ndinapeza nkhalamba ina, mmodzi wa adzukulu amene anakumba manda a a Damiano. Inandilozera ndi mlomo: kuseri kwa mitengo ya masuku, mtumbira wa dothi lofiira chakum'mawa. Inafunsa chimene ndikukachita. Ndinati kukangoona. Bodza loyamba la ntchito yanga, laling'ono.

Mudzi wakale: madenga agwa, mapichesi akuuma okha, nkhokwe imodzi ili chiimire. Palibe galu, palibe utsi. Mtsanga sindinamuone ngakhale mmodzi.

Mandawo ozizira, mdima masana. Ndinalowa osaomba m'manja, osalankhula ndi aliyense. Ndikanalankhula ndi yani? Mtumbira ndinaupeza mosavuta. Mphika wa chitsulo wakuda, mabowo atatu pansi. Mbale ya enamelo yamaluwa, bowo limodzi pakati. Chikho. Ndatenga mphika ndi mbale m'thumba. Chikho ndasiya.

Sindinamve kanthu. Ndikulemba izi kuti ndidzakumbukire: sindinamve kanthu, kupatula njala ndi minga m'masokosi.

Kunyumba a Bambo anasuzumira m'thumba. "Efigénia, mwalowa nazo m'nyumba?" Amanditchula "inu" akakwiya. Ananyamula thumba ndi ndodo yawo, osaligwira, kukaliika kuseri kwa khola la nkhuku. Chakudya anakana.

Zaka makumi anayi akuphunzitsa ana kuti mizimu ndi bodza. Korona m'khosi. Lero akuopa mphika.

Lachitatu, 19 Junho

Ndapambana.

Ndilembe bwino, mwina sizidzachitikanso. Chipinda chodzaza, anthu mpaka m'mawindo. Cassimiro anabwera yekha kudzaimira amilisiya ake, anakhala kutsogolo miyendo atatambasula. Ndinamulola mmilisiya anene zonse: dengu, mphika, mbale yamaluwa. Ndinamufunsa ngati angauzindikire mphikawo. Anati inde. Ndinautulutsa. Anati ndi womwewo.

Ndinatenga mtsuko wa madzi a oweruza n'kuthira mumphika, nditaimirira pafupi ndi komandante. Madzi anatsika m'mabowo atatu, molunjika pa nsapato zija.

Ndinanena m'Chipwitikizi, kenako m'Chinyanja kuti onse amve: ngati amatsanga akuphikira mu mphika uwu, nkhondo tapambana kale, kamarada komandante, tiyeni tonse tizipita kumunda.

Anaseka anthu awiri kapena atatu. Kenako zii. Ine ndimati ndi ulemu.

A Berta ndi amene anakuwa. "Mayo ine, mwakatenga! Mwakawalanda!" Anadziphimba kumutu ndi nsalu. Amayi a m'mawindo anayamba kuchoka mmodzimmodzi.

A Basilio anawamasula a Berta ngati akudziwerengera okha chilango. Cassimiro sanakweze mawu. Anapukuta nsapato ndi mpango, n'kundifunsa chinthu chimodzi: "Giya yanu ili kuti, kamarada?"

Panja ndinawapatsa a Berta ziwiya zawo. Anakana kulandira m'manja mwanga. Mng'ono wawo, a Antónia, anandiuza ndiike pansi. Ndinaika pansi. Zikomo sindinamumve.

Zilibe kanthu. Akagona kwawo, osati ku Tete. Ndani wina m'boma lino lonse akanachita zimenezi?

Lachinayi, 20 Junho

Asilikali awiri m'mamawa. Atenga makina olembera, akuti ndi katundu wa boma. Ndinagula ndekha ku Maputo. Atenganso mabuku anga atatu a malamulo, mmodzi akulinyamula chozondoka. Kope lino anali atakhalira a Bambo.

Mmilisiya wakhala pansi pa mtengo wa bulugama moyang'anizana ndi khomo lathu. Tsiku lonse. Akudya nzimbe.

Kumsika mayi wogulitsa kabichi, amene wandidziwa ndili wakhanda, anaphimba dengu nditayandikira. Akuti zatha. Ndikuziona.

Lamulungu, 23 Junho

Kutchalitchi benchi yonse yanga ndekha. Pa nthawi yopatsana mtendere manja a anthu anali otanganidwa ndi mipango.

Mawuwo ndawamva potuluka, kumbuyo kwanga, mosabisa n'komwe. Mfiti. Akuti ku Maputo sindinathamangitsidwe ndi kutsekedwa kwa sukulu. Akuti mkazi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wosakwatiwa, wolowa kumanda yekha masana n'kutulukako ndi thumba, mumutcha chiyani.

Anthu awa! Ndawachotsa ana awo pa chikoti kangati? Ndalembera angati madandaulo, osalandira ngakhale dzira? Komandante akawamenya amati ndi nyengo yake. Ine ndawapulumutsira munthu, ndine mfiti.

A Bambo madzulo, akuotha dzuwa lotsiriza: "Mwambo munaudziwa theka, mwana wanga. Theka lokwanira kupambanira mlandu." Akuti chochotsedwa pamanda amabweza ndi amene anachichotsa, ndi manja omwewo, atagwada, adzukulu akuona. Akuti a Berta sangakhale nazo m'nyumba, sangazitaye, ndipo sagona.

Ndinati kodi ndipite bwanji, mmilisiya ali pakhomo? Zoona zimenezo. Koma ndinanenanso kuti ine sindinawerenge malamulo zaka zitatu kuti ndikagwadire mulu wa dothi. Zimenezonso ndinanena.

Lachiwiri, 25 Junho

Tsiku la ufulu. Zaka khumi. Anatiimika pabwalo kuyambira m'mamawa, ana asukulu milomo yotuwa ndi chisanu, akuimba.

Cassimiro analankhula, womasulira akutsatira. Pali ena, akuti, anaphunzira ndi thukuta la anthu, lero amayenda m'dera la adani opanda giya n'kubwerako osakandika ngakhale chala. Tidzifunse kuti akuwatsegulira njira ndani. Dzina sanatchule. Mitu yonse inatembenuka yokha.

Sekretariyu wandipatsa kalata: ndaimitsidwa ntchito mpaka afufuze. Lero sananene kuti adotora. Ndinayembekeza, sananene.

A Antónia anandipeza pobwerera. Ayenda wapansi kuchokera ku Kamphande. Anaima kutali ngati pali ngalande pakati pathu. Akuti akulu awo akupempha: ndipite ndikabweze ziwiya, adzukulu avomera kundiperekeza. Akuti a Damiano tsopano akubwera masana omwe.

Ndinali nditatopa, kalata ili m'manja. Ndinati akawauze adikire. Ndinati moyo ndawapatsa kale, akufunanso chiyani, mawondo anga?

A Antónia anamanga nsalu n'kutembenuka.

Lachisanu, 28 Junho

A Berta afa.

Dzulo m'mamawa. Anasenza dengu okha, kukabweza ziwiya kumanda. Amilisiya anali atabisala pa masuku paja kuyambira tsiku la mlandu, kudikira. Mwina amadikira ine. Akuti anawaitana, sanaime. Zipolopolo ziwiri kumsana. Kumanda kunatsala mtunda woti munthu n'kuponya mwala.

Mtembo aubweretsa ku kwartele pa thirakitala, pamodzi ndi dengu.

Wandiuza ndi mmilisiya wa pa bulugama. Anawoloka msewu kudzandiuza, nzimbe ili m'manja. Sanaseke. Bola akanaseka.

Masiku asanu ndi atatu. Ndiwo moyo umene ndinawapatsa.

Ndatsuka mbale zonse ngakhale zinali zoyera. Ndasesa pabwalo kawiri. A Bambo sananene kalikonse, ndipo sindingawakhululukire kusanenako.

Loweruka, 29 Junho

Andiitana ku kwartele. Lero sanandiimike pakhonde. Mpando, ngakhale tiyi wa shuga.

Pepala lili kale patebulo, lolembedwa pa makina anga. Ndawazindikira: "e" wake amakwera pang'ono. Likuti ine, defensora, ndikuvomera kuti Berta uja anali wonyamulira adani chakudya, kuti ulendo wachiwiri watsimikiza zimenezi, kuti mphika ndinauboola ndekha kuti ndinamize bwalo, ndipo ndikupempha chikhululukiro kwa anthu.

Ndinati mabowo aja anachita dzimbiri, mwana aliyense angaone. Cassimiro anagwedeza mutu ngati mphunzitsi wokondwa ndi yankho. "Mukasaina, abale atenga mtembo akaike. Mukapanda kusaina, nkhani ikadali yotsegula, mtembo ndi umboni. Umboni mumaukonda, kamarada." Za ine anangoti ku Niassa kuli misasa yokonzera anthu maganizo, galimoto imanyamuka Lachiwiri.

Wandipatsa mpaka Lolemba masana.

Potuluka ndinadutsa pa chipinda cha mbatatesi. Chitseko chotseka, ntchentche pa mng'alu. Chisanu chikuwathandiza, koma osati masiku ambiri.

Sindisaina. Pepala lija likalowa m'kabati, a Berta adzakhala mtsanga mpaka kale, ana awo ana a mtsanga, ndipo mmilisiya amene anaombera mayi wosenza dengu kumsana adzakhala kuti anagwira ntchito yake. Chinthu chimodzi chokha chimene chatsala choona m'tawuni muno ndi chigamulo cha pa 19. Ndinachipeza ndi manja anga. Sindisaina.

Lamulungu, 30 Junho

Kutchalitchi sindinapite.

A Basilio anadutsa ngati akupita kwina. Pa mpanda, mawu apansi: ali ndi mlamu wawo amene amawolotsa anthu chakumtunda kwa Kalomwe, njira ya m'minda, kukacha uli ku Dedza. A Bambo angakwere panjinga. "Pitani, mwana wa a Custódio. Mukalembe zonsezi kumeneko, kuli azungu a mabungwe amamva."

Ndinafunsa za mtembo. Anayang'ana zikhadabo.

Ndikathawa: sindisaina, sindipita ku Niassa, dzina la a Berta likhala loyera m'kope langa ku Dedza. Iwo eni aponyedwa m'dzenje kuseri kwa kwartele, asilikali atatseka mphuno.

Masana a Antónia. Ulendo uno analowa mpaka pakhonde, osaodira. Maso ouma. Akhala pa chipata cha kwartele masiku atatu ndi nsalu yoyera yokulungira mtembo, akuipinda ndi kuipindanso. Amva za pepala, tawuni yonse yamva.

Ndinayamba kuwafotokozera. Dzina, ana, chilungamo, tsiku lina nkhondo ikadzatha. Ndinalankhula bwino. Ndimalankhula bwino nthawi zonse.

Anandidikira mpaka ndimalize. "Dzina mukunenalo lili papepala la iwowo, ife sitiwerenga. Kwathu aliyense akudziwa kuti Berta anali ndani. Amuna ake munawalanda mbale. Iye mukufuna kumulanda manda. Inu adotora, kodi akufa a kwathu anakulakwirani chiyani?"



Anasiya nsalu ija pakhonde pathu, yopindidwa bwino. Akuti ndiisunge ine, popeza mtembo ndausunganso ine.

Lolemba, 1 Julho, m'mamawa

Ndaphikira a Bambo nyemba za masiku atatu. Ndawalembera papepala nthawi ya mankhwala, ngati kuti mankhwalawo alipo.

Ndawafunsa chochita. Kuyambira ndili mwana sindinawafunsepo. Anati, "Ine ndinakuphunzitsani kulemba dzina lanu. Poti mulilembe sindinakuphunzitseni."

Ndavala diresi ya buluu ya ku Maputo. Nsalu yoyera ili m'thumba, sindikudziwa chifukwa chake. Zovala zosinthira zilinso momwemo, za ku Niassa. Thumba limodzi, zonse ziwiri.

Mmilisiya waimirira, akundidikira.

Lachiwiri, 9 Julho

Ndinasaina.

Dzina lonse, zilembo zoongoka. Ndimadana nalo dzanja langali. Lachitatu anandiimika pabwalo kuti ndiwerenge pepalalo mokweza, m'Chipwitikizi, kenako m'Chinyanja. Kumasulira anandisiyira ndekha. Ndinamasulira molondola.

A Berta anawaika Lachiwiri lapitalo, pa manda atsopano a pa aldeya, osati pafupi ndi amuna awo. Ine sanandiitane. Ndamva kuti adzukulu anafulumira chifukwa cha fungo. Mphika ndi mbale zikadali ku kwartele.

Masiku onsewa funso limodzi. Ndinasainira a Berta, kapena ndinasainira galimoto ya Lachiwiri? Pa chipata ndinali ndikuganiza za nsalu yoyera. Pa tebulo, cholembera chili m'manja, ndinamva injini ikuyesedwa kuseri, ndipo ndinaganiza za Niassa. Ndafufuza ngati mlandu wa munthu wina, mboni zonse ndazifunsa. Sindikudziwa. Sindidzadziwa.

Ntchito andibwezera. Makina andibwezera, ndi fita yatsopano. Cassimiro anandipatsa moni pamsewu, chipewa m'manja. Pa bulugama palibe munthu. Chifuwa cha a Bambo chikadali chomwecho.

Masana ano kwabwera mayi wina wa kutali, kupitirira Domwe. Wayenda masiku awiri, mwana kumsana. Amuna ake awagwira ndi thumba la mchere wa ku Malawi, akuti amapititsa kutchire. Mlandu Lachisanu. Kwawo nkhani zimafika mochedwa; iye wamva za madzi pa nsapato za komandante basi, zinazo sanamve.

Anagwada pa fumbi, ine ndili pakhonde. "Andiuza kuti ndibwere kwa inu, adotora. Akuti m'boma lonse lino ndinu nokha amene simuopa."

Ndinafuna kumuuza. Pakamwa panatseguka.

Ndamufunsa dzina la amuna ake, n'kulilemba.